Momwe kholo lingatetezere ana ku magemu a akuluakulu okhala ndi zolaula

M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene dzuwa la kuno ku chigwa cha Shire limatentha mpaka nyumba ya malata kusalowedwa, mabanja ambiri a ku Chikwawa ndi ku Nsanje amayala mphasa pabwalo madzulo n'kukhala panja kufikira usiku. Pa nthawi imeneyi si zachilendo kuona ana anayi kapena asanu ataunjikana pafoni imodzi, mitu itagundana, kholo lili chapatali likumva kulira kwa magalimoto ndi mfuti n'kumaganiza kuti anawo akungochita mpikisano wothamangitsa galimoto. Zoona zake n'zakuti ena mwa magemu amene ana athu amawakonda kwambiri anapangidwira anthu akuluakulu, ndipo mkati mwake muli malo ovinira akazi osavala, zochitika za kuchipinda ndiponso mawu amene munthu sangawatchule pamaso pa apongozi.

Ine ndinazidziwa mochedwa zimenezi. Mwana wa mlongo wanga, wa zaka 12, amene ndimakhala naye ku Nchalo, anatenga memori khadi ya m'foni yanga n'kupita nayo kwa mnyamata wina woika nyimbo ndi mafilimu pamsika, ndipo inabwerako ili ndi gemu imene mbali zake zina sindingafune kuti mwana aliyense azione. Mwanayo sanapite kukafuna zolaula ayi, iye ankafuna gemu ya magalimoto imene anzake ankaikamba kusukulu. Wolakwa ndinali ine, mtsibweni wake, chifukwa ndinkamubwereka foni tsiku ndi tsiku osadziwa chimene chili m'menemo. Malangizo otsatirawa ndi njira imene ndinayenda pambuyo pake. Sindikunena kuti magemu onse ndi oipa, kapena kuti munthu wamkulu amene amasewera gemu ya msinkhu wake payekha walakwa. Nkhani yanga ndi ya mwana, ndiponso ya foni imodzi imene banja lonse limagwiritsa ntchito.

Choyamba, phunzirani kuwerenga chizindikiro cha msinkhu

Gemu iliyonse yogulitsidwa m'njira yovomerezeka imakhala ndi chizindikiro chonena msinkhu wa anthu oyenera kuisewera, ndipo muyenera kuzolowera kuchiyang'ana monga mmene munazolowerera kuyang'ana tsiku lothera mphamvu pabotolo la mankhwala. Ku America, aphungu a nyumba ya malamulo anaitanitsa opanga magemu mu 1993 kuti adzayankhepo pa zachiwawa zimene zinali m'magemu monga Mortal Kombat ndi Night Trap. Poopa kuti boma liwaikira malamulo okhwima, makampaniwo anakhazikitsa bungwe lawolawo lotchedwa ESRB mu 1994, ndipo zilembo zake ndi zimene timaziona kwambiri pamabokosi a madisiki. Chilembo E chimatanthauza kuti gemuyo ndi ya aliyense, E10+ ndi ya ana oyambira zaka 10, T ndi ya oyambira zaka 13, M ndi ya oyambira zaka 17, pamene AO ndi ya akuluakulu okhaokha a zaka 18 kupita m'tsogolo. Mwana wa sitandade 6 alibe chochita ndi gemu yolembedwa M, ngakhale atachenjera chotani.

Maiko a ku Ulaya amatsatira dongosolo lina lotchedwa PEGI, limene linayamba mu 2003, ndipo ilo limangolemba nambala ya zaka: 3 ndi 7 m'kabokosi kobiriwira, 12 ndi 16 m'kabokosi kachikasu, 18 m'kabokosi kofiira. Madisiki amene abale athu amabwera nawo kuchokera ku Johannesburg nthawi zambiri amakhala ndi chizindikiro cha bungwe la ku South Africa lotchedwa FPB, chimene chimalemba nambala monga 13, 16 kapena 18 pamodzi ndi zilembo zofotokoza chifukwa chake. Pa zilembo zimenezi S ikuimira zogonana, N ikuimira maliseche, V ikuimira chiwawa ndipo L ikuimira kutukwana. Mukatsegula Play Store pafoni muli kuno kwathu, mudzaona manambala 3+, 7+, 12+, 16+ ndi 18+ pansi pa dzina la gemu.

Nambala yokha sikwanira kukuuzani zonse, chifukwa magemu ambiri amapatsidwa M kapena 18 kaamba ka kuphana ndi magazi, osati zogonana. Tembenuzani bokosi, kapena dinani pa nambalayo mu Play Store, kuti muone mawu ofotokoza zili mkatimo. Popeza mawuwa amalembedwa m'Chingerezi, ndikupempha kuti muwalembe pakapepala n'kukasunga. "Nudity" ndi maliseche oonekeratu, "Partial Nudity" ndi thupi lovulidwa mbali ina, "Suggestive Themes" ndi zovala kapena zolankhula zodzutsa chilakolako, "Sexual Content" ndi zochitika zogonana zosaonetsedwa poyera, ndipo "Strong Sexual Content" ndi zogonana zoonetsedwa mosabisa kapena kawirikawiri. A PEGI amagwiritsa ntchito kachithunzi ka zizindikiro ziwiri zolumikizana, cha mwamuna ndi cha mkazi. Kachithunzi kameneka kakakhala pa gemu ya 12 kamanena za mawu okuluwika ndi kaimidwe kokopa, pa gemu ya 16 kamanena za matupi osavala kapena kugonana kosaonetsa ziwalo, ndipo pa gemu ya 18 kamanena za zogonana zenizeni.

Dziwaninso kuti nambala za mu Play Store zimachokera pa mafunso amene wopanga gemuyo amayankha yekha, kudzera m'dongosolo la mabungwe ounika magemu lotchedwa IARC. Wopanga gemu akanama poyankha, nambala imatuluka yolakwika kufikira wina atadandaula. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti ngakhale gemu yolembedwa 7+ muiyambitse nokha n'kuiona kwa mphindi zingapo musanaipereke kwa mwana.

Chachiwiri, mvetsani kuti kusefa kwa kunja sikunapangidwire nyumba yanu

Makolo ena ndikawauza za nkhaniyi amayankha kuti zinthu zonyansa sizingakhale m'gemu chifukwa boma la kumene inapangidwa likanailetsa. Maganizo amenewa ndi amene atigoneka tulo. Maiko amasefa magemu, inde, koma sefa ya dziko lililonse ili ndi maso akeake, ndipo chimene chagwidwa m'sefa ya uyu chimadutsa m'sefa ya uyo. Ku Japan, bungwe la CERO, limene linayamba mu 2002, sililola kuonetsa ziwalo zobisika ngakhale m'magemu a chilembo Z, amene ndi a zaka 18, choncho gemu ya The Witcher 3 yogulitsidwa kumeneko inaphimbidwa malo ena amene ku Ulaya ali poyera. Dziko la Australia linalibe gulu la zaka 18 la magemu kufikira mu 2013, ndipo izi zisanachitike gemu yopyola muyeso wa zaka 15 inkakanidwa kapena kudulidwa. Makampani a Sony, Nintendo ndi Microsoft salola magemu a chilembo AO pamakina awo, motero opanga magemu amadula pang'ono chabe kuti atsike kufika pa M. Zotsalazo zimakhalabe zambiri kwa mwana wa zaka 12.

Pakompyuta zinthu n'zomasuka kuposa pamenepo. Msika waukulu wa magemu a pakompyuta wotchedwa Steam unayamba kulola magemu olaula kotheratu mu 2018, ngakhale kuti umawabisa kwa amene sanasankhe kuwaona, ndipo mu Julaye 2025 unachotsako ena chifukwa cha malamulo a makampani oyendetsa makhadi olipirira. Okonda magemu m'maiko olemera amakangana kwambiri pa zimenezi, ena akuti kudula ndi kupondereza ufulu wa akuluakulu, ena akuti ndi kuteteza anthu. Mkangano umenewo uli ndi malo ake, ndipo ine ndimavomereza kuti munthu wamkulu asamasankhiridwe chilichonse ngati khanda. Koma kwa kholo la ku Bangula kapena ku Ngabu phunziro lake ndi limodzi lokha, lakuti gemu ya dzina limodzi ikhoza kukhala ya mitundu iwiri kapena itatu, ndipo imene yafika pamemori khadi palibe amene angakuuzeni kuti ndi ya mtundu uti.

Nkhani imene imaonetsa bwino zimenezi ndi ya Grand Theft Auto: San Andreas, gemu imene anyamata athu amangoitchula kuti GTA. Inatuluka mu 2004 ili ndi chilembo M. Mu 2005 munthu wina wodziwa za makompyuta anatulukira kuti mkati mwake munali gawo la zogonana limene opangawo analitsekera osalichotsa, ndipo anafalitsa kachidutswa ka pulogalamu kotsegulira gawolo, kamene kanatchuka ndi dzina lakuti Hot Coffee. Bungwe la ESRB linasintha chilembo cha gemuyo kukhala AO mu Julaye chaka chomwecho, masitolo akuluakulu anaichotsa pamashelefu, ndipo kampani ya Rockstar inachita kutulutsanso ina yochotsedwa gawolo kuti ibwerere pa M. Ngati akatswiri olipidwa kuti aunike gemu anapusitsidwa chotero, kholo lisadzipeputse kuti ndi lokha losadziwa. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Tizidutswa ta mtundu wa Hot Coffee timatchedwa mod, ndipo lero tilipo tambirimbiri, tina tongosintha galimoto kapena nyimbo, tina tovula anthu a m'gemu. Chizindikiro cha msinkhu sichinena kanthu za timeneti. Kuno kwathu lamulo loona za kusefa zosangalatsa, la Censorship and Control of Entertainments Act, linakhazikitsidwa mu 1968, nthawi ya mabuku, mbale za galamafoni ndi makanema a m'maholo. Fayilo yodutsa kuchokera pafoni kupita pafoni ina pansi pa mtengo wa mango sidutsa pa ofesi iliyonse, kotero wounika womaliza ndi inu.

Chachitatu, fufuzani njira imene magemu amalowera m'foni

Popeza bandulo ndi yodula ndipo netiweki imavuta m'madera ambiri, makamaka kutsidya kwa Shire, ana athu ambiri satenga magemu akuluakulu pa Play Store. Amakopera kwa anyamata oika nyimbo ndi mafilimu m'misika, amapatsana kudzera pa Xender kapena SHAREit, ndipo nthawi zina amakopera foni ili potchajira. Magemu obwera chotere alibe bokosi, alibe nambala, ndipo nthawi zambiri amakhala atasinthidwa kale ndi anthu osadziwika.

Tengani foniyo mwana ali pomwepo, osati mobisa, ndipo muyambe ndi mndandanda wa mapulogalamu onse umene uli mu Settings, pamene palembedwa Apps, chifukwa pulogalamu ikhoza kubisidwa pasikirini koma pamndandandawu imaoneka. Lembani dzina la gemu iliyonse imene simukuidziwa. Kenaka tsegulani File Manager n'kuyang'ana m'mafoda a Download ndi Xender komanso m'memori khadi. Fayilo imene dzina lake likuthera ndi .apk ndi pulogalamu yodikira kuikidwa, pamene yothera ndi .iso kapena .cso nthawi zambiri ndi gemu ya makina ena imene imaseweredwa pafoni kudzera m'pulogalamu yotchedwa PPSSPP. Pulogalamu imeneyi payokha ilibe vuto, koma ndi khomo limene magemu a M, monga a GTA ndi God of War, amalowera m'mafoni otsika mtengo, ndipo m'magemu akale a God of War muli akazi ovula ndi tizigawo ta kuchipinda. Mukakhala ndi intaneti pang'ono, lembani dzina la gemu iliyonse pa Google n'kuwonjezera mawu akuti ESRB kapena PEGI, ndipo mudzaona chilembo chake ndi zifukwa zake.

Chenjeraninso ndi fayilo iliyonse yolembedwa kuti GTA 5 ya pafoni. Gemu ya Grand Theft Auto V inatuluka mu 2013 ndipo eni ake sanaipangire mafoni a Android, choncho chilichonse chodzitcha dzina limenelo ndi chonyenga, ndipo chikhoza kubwera ndi zotsatsa zolaula kapena mapulogalamu akuba. Foni imene mumasungira ndalama za Airtel Money kapena Mpamba, mwina ndalama za thonje kapena za mbuzi imene mwagulitsa, siyenera kulandira mafayilo otere ngakhale m'nyumba mutakhala mulibe mwana.

Chachinayi, tsekani zimene zingatsekeke

Mukachotsa zosayenera, tsegulani Play Store, dinani pakachithunzi ka akaunti yanu kumwamba kudzanja lamanja, sankhani Settings, kenaka Family, kenaka Parental controls. Mukayatsa batani lake foni idzakufunsani nambala yachinsinsi, ndipo musaike chaka chimene munabadwa kapena nambala imene mumatsegulira foni, popeza ana amaziona zala zanu tsiku ndi tsiku. Mukatero dinani Apps & games n'kusankha msinkhu wotsiriza umene mukulola, mwachitsanzo 7+ kwa mwana wa kupulayimale kapena 12+ kwa wa fomu 1. Kuyambira pamenepo magemu opyola msinkhuwo sadzatheka kutengedwa pa Play Store ya foni imeneyo.

Loko ameneyu ali ndi zofooka ziwiri zimene ndiyenera kukuuzani. Sachotsa magemu amene analowa kale, ndiye chifukwa chake kufufuza kumayamba. Komanso mwana wochenjera akhoza kufufuta zosungidwa za Play Store mu Settings, ndipo loko amachoka pamodzi ndi nambala yake. Ngati foni yanu ili ndi App Lock, monga mafoni ambiri a Tecno ndi itel, ikani loko pa Settings, pa Play Store, pa File Manager ndi pa Xender. Pambuyo pake lembani mawu akuti "unknown" pamalo ofufuzira mu Settings kuti mupeze pamene palembedwa Install unknown apps, ndipo mukanize chilolezocho kwa pulogalamu iliyonse imene ili pamndandandapo. Kwa ife a kuno sitepe imeneyi ndi yofunika kuposa zonse, chifukwa ndi imene imatseka khomo la mafayilo a .apk ochokera kumsika.

Mwana akakhala ndi foni yakeyake, njira yolimba ndi pulogalamu yaulere ya Google yotchedwa Family Link. Mumaiika pafoni yanu, mumamutsegulira mwanayo akaunti yolembedwa zaka zake zenizeni, ndipo mumalumikiza mafoni awiriwo. Mukatero mutha kukonza kuti gemu iliyonse imene akufuna kutenga izidikira chilolezo chanu, mutha kuika malire a maola pa tsiku, ndiponso kuchititsa kuti foni izidzitseka nthawi yogona. Pamafunika intaneti pa tsiku lolumikiza, choncho konzani kuchita zimenezi tsiku limene muli pamalo a netiweki yabwino. Musamunamizire zaka mwana potsegula akaunti pofuna kuti zithe msanga, chifukwa mukalemba kuti ali ndi zaka 20, makina onse adzamutenga ngati wamkulu ndipo adzamutsegulira zonse.

Pali kanthu kenanso kakang'ono kamene kamathandiza. Magemu ambiri aulere amapeza ndalama poonetsa zotsatsa, ndipo zina mwa zotsatsazo zimakhala za akazi ovala mosadzilemekeza kapena za juga, ngakhale gemuyo ili ya ana. Ngati gemu imatheka kusewera popanda intaneti, zimitsani data musanapereke foni. Mudzapulumutsa bandulo, ndipo zotsatsa zambiri sizidzatuluka.

Chachisanu, pitani kumene ana amasewerera kunja kwa nyumba

M'malo ambiri ochitira malonda m'mbali mwa msewu wa M1 muli tinyumba toonetsera mafilimu ndi tosewerera PlayStation, mmene ana amalipira kandalama kochepa kuti asewere. Ambiri amasewera mpira, ndipo m'magemu a mpira mulibe zimene tikukambazi. Koma makina omwewo amakhala ndi magemu ena osungidwa mkati, opanda bokosi, ndipo mpira ukatha mwana amasankha chimene akufuna. Makina akale a PS2 alibe njira yoletsera gemu potengera msinkhu. A PS4 ndi PS5 ali nayo, mu Settings pamene palembedwa Parental Controls, ndipo mwini malo akhoza kukhazikitsa akaunti ya ana imene magemu a 18 satseguka. Pakompyuta yokhala ndi Steam, zosefera zili pa Store Preferences.

Pitani nokha masana, mukhale pansi n'kuona zimene zikuseweredwa, ndipo mulankhule ndi mwini malo mwaulemu, chifukwa nayenso akufunafuna chakudya cha ana ake. Ine ndinangonena kuti, "Achimwene, sindinabwere kudzakutsekerani bizinesi. Ndikupempha kuti magemu olembedwa 18 muziwatsegula usiku kwa akuluakulu okha, ana akamabwera masana azisewera mpira." Mnyamatayo sankadziwa n'komwe tanthauzo la nambalayo, ndipo nditamuonetsa anavomera. Mwini malo akakana, musakangane naye nokha. Kambiranani ndi makolo anzanu, komiti ya sukulu ndi amayi a mother group, kenaka mukatule nkhaniyo kwa a nyakwawa, amene ali ndi mphamvu yoika lamulo la m'mudzi pa nthawi imene ana angapezeke m'malo otere. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo gemu imene yalowa m'foni ya mwana wa oyandikana nawo imafika kwa wanu tsiku lomwelo.

Chachisanu ndi chimodzi, samalani ndi anthu amene mwana amacheza nawo m'gemu

Magemu ambiri a pa intaneti amalola osewera kulemberana ndi kulankhulana, ndipo mabungwe oika zizindikiro za msinkhu saunika zimene anthuwo amanena. Mukaona mawu akuti "Users Interact" pa chizindikiro, dziwani kuti mwana wanu akhoza kukumana ndi mlendo wa msinkhu uliwonse. Akuluakulu ena a zolinga zoipa amadzionetsa ngati ana, amapereka timphatso ta m'gemu kapena mayunitsi, kenaka amapempha nambala ya WhatsApp ndi zithunzi. Lowani mu Settings ya gemuyo n'kuzimitsa macheza ndi alendo, ndipo muuzeni mwana momveka kuti asapereke nambala, dzina la sukulu kapena chithunzi chake kwa munthu amene sanamuonepo ndi maso.

Zikachitika kuti wina wamupempha mwana zithunzi zamaliseche kapena wamutumizira zolaula, musafufute mauthengawo, chifukwa ndiwo umboni. Malamulo a dziko lino, kuchokera pa kusintha kwa 2017, amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kupanga, kusunga ndi kufalitsa zolaula zokhudza ana. Imbani nambala yaulere yothandiza ana ya 116, kapena pitani ku Victim Support Unit ya polisi imene muli nayo pafupi, ndipo musatumize zithunzizo kwa abale kapena m'magulu a WhatsApp ngakhale pofuna kuchenjeza ena.

Chachisanu ndi chiwiri, lankhulani ndi mwanayo

Apa ndi pamene ambiri timalephera. Pachikhalidwe chathu, kaya ndife Amang'anja kaya ndife Asena, nkhani za kuchipinda sizikambidwa pakati pa kholo ndi mwana, ndipo timazisiyira anamkungwi, azakhali, atsibweni kapena alangizi a kumpingo, nthawi ya chinamwali ikakwana. Dongosolo limenelo linali labwino pamene mwana ankadikira kuuzidwa. Lero foni ikufika kwa mwana zaka zingapo anamkungwi asanafike, ndipo chimene imamuphunzitsa n'chakuti mkazi ndi chinthu chogula kapena mphoto ya wopambana. Ichi ndi chimene chimandipweteka kwambiri m'magemu ena otere, kuposa maliseche enieniwo. Ngati inu simungathe kukamba, pemphani mbale amene mwambo umamulola kuti akambe msanga, osadikira kuti mwana athe msinkhu.

Musayambe ndi chikwapu. Mwana amene wakwapulidwa chifukwa cha chimene waona amangophunzira kubisa, ndipo tsiku limene adzakumane ndi choopsa chenicheni sadzabwera kwa inu. Ine ndinadikira kuti ena agone, ndinakhala naye pakhonde, n'kumufunsa kuti andionetse mmene gemuyo imaseweredwera ndi chimene amaikondera. Anandionetsa magalimoto ndi njinga zamoto, ndipo titafika pa zinazo anaweramitsa mutu nati, "Atsibweni, zimenezo zinali momwemo kale, ine sindinaziike." Ndinamuuza kuti ndikumukhulupirira, ndinamuonetsa chilembo M pa intaneti ndi tanthauzo lake, ndipo ndinamufotokozera kuti amene anapanga gemuyo ndiwo ananena kuti si ya msinkhu wake. Mawu amenewo anamufika kuposa kungoti ndakuletsa. Kenaka tinasankhira limodzi gemu ya mpira ndi ina ya mpikisano wa magalimoto, pakuti mukachotsa chinthu m'manja mwa mwana osaikamo china, amakachifuna kwa anzake.

Gwirizanani malamulo ochepa amene mungathe kuwasunga. Kwathu foni imaseweredwa poonekera, osati mkati mwa neti usiku, imabwerera kwa ine tisanagone, ndipo memori khadi situluka pakhomo popanda ine kudziwa. Ngati inu eni ake mumasewera magemu a akuluakulu, muwasunge pa akaunti yanu yokhala ndi pasiwedi. Ena mwa iwo, monga Cyberpunk 2077 ndi Baldur's Gate 3, ali ndi batani lophimbira maliseche mu Settings, koma batanilo silisintha nkhani, mawu kapena chiwawa cha m'gemumo, kotero siliisandutsa ya ana.

Pomaliza pa ndondomekoyi pali kubwereza. Khazikitsani tsiku limodzi pa mwezi, mwina tsiku limene mwalandira malipiro kapena limene mukugula bandulo, loti muziyang'ananso mndandanda wa mapulogalamu, mafoda aja ndi loko wa Play Store. Chitaninso chimodzimodzi foni ikabwera kuchokera kwa okonza, chifukwa akaifulasha maloko onse amachoka ndipo ena amaikamo magemu ndi mafilimu ngati basera. Nyengo ya madzi osefukira, pamene mabanja amasonkhana m'misasa monga zinachitikira ndi namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, sukulu zimaima, ana amakhala opanda chochita ndipo mafoni amayenda m'manja ambiri potchaja ndi pobwerekana. Mukabwerera kumudzi, yambaninso pa sitepe yachitatu, ndipo musinthe nambala yachinsinsi ija.